Pulinta ya kwa Apongozi

Nthawi imene ndikukambayi n'kuti nditakhala pachikamwini zaka zisanu ndi chimodzi, m'mudzi wina kufupi ndi Nkhudzi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito ya uphunzitsi inandiponya kunyanja, ndinapeza mkazi komweko, ndipo eni mbumba anandilozera malo kuseri kwa nyumba ya apongozi kuti ndimangepo. Ndinamanga. Kuchoka pakhomo panga kufika pakhonde pa apongozi ndi pafupi, munthu utha kuponya chitsononkho n'kufika, koma kamtunda kameneko kankandilemera kuposa ulendo wa ku boma.

Ine ndi apongozi aakazi sitinkayankhulana maso ndi maso. Sikuti panali udani ayi, ndi ulemu wa makolo umenewo. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumbali, ine n'kumayang'ana kumwamba ngati ndikufufuza mvula. Akafuna kuti ndikonze thandala lawo loyanikapo usipa ankauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza ine, chonsecho tonse atatu tili pabwalo limodzi. Apongozi aamuna anali atamwalira kale ine ndisanafike pamudzipo, ndiye mawu onse pakhomopo anali a mayiwo.

Chaka chimenecho mlongo wake wa mkazi wanga, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza kompyuta yakale ya patebulo pamodzi ndi pulinta. Anatumizira mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, kuti azipezerapo ya sopo. Mlamuyo ankakhala ndi amayi ake, choncho makinawo anawaika pabalaza pa apongozi, n'kuwafunditsa kansalu koluka kuopa fumbi. Anthu anayamba kubwera. Ena ankafuna kalata yofunsira ntchito ku mahotela a ku Makokola, ena pulogalamu ya ukwati, ena zolengeza za kumpingo.

Inenso ndinali ndi laputopu yanga, ndipo ntchito za ophunzira zofuna kusindikiza sizinkatha. Kuti ndisindikize tsamba limodzi lokha ndinkayenera kuika fayilo mu fulashi, kudutsa bwalo, kuima pakhonde, kukhosomola, kunena "Odi," kenako kudikira kuti apongozi atole lichero lawo atulukire khomo la kuseri. Mlamu akakhala kuti wachokapo, ndinkabwerera ndi fulashi yanga m'manja. Tsiku lina ndinaima padzuwa mpaka thukuta kutsikira m'masokosi, chifukwa apongozi anali pakati pa nyimbo ndipo sanafune kuidula. Fulashiyo nayo inkabwerako itanyamula mavairasi a mudzi wonse.

Munthu wina akanangopirira. Koma ine ndinali nditachitako kosi ya kompyuta ya masabata atatu, ndipo setifiketi yake inali pakhoma, m'galasi. Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Mangochi, n'kubwerako ndi kabokosi ka nyanga ziwiri kotchedwa rauta. Ndinafotokozera mkazi wanga kuti kabokosika kalumikiza makompyuta onse apakhomo kuti azitumizirana zinthu popanda munthu kuyenda. Iye anandiyang'ana n'kufunsa ngati kangathenso kutunga madzi.

Ntchitoyo inanditengera masiku atatu, ngakhale kwa anzanga ndinkati inali ya ola limodzi. Rauta ndinaipachika pamsomali pafupi ndi zenera la apongozi, iwo atapita kudimba. Kompyuta ya mlamu ndinailumikiza ndi chingwe, laputopu yanga n'kulowa pa wayifayi. Ndinatsegula pulinta ija kuti izilandira ntchito kuchokera kwa ine, n'kupanganso foda imodzi yoti aliyense aziikamo ndi kutengamo mafayilo. Ndinaitcha "Zathu Tonse." Kenako ndinaika malamulo, poti mphunzitsi sakhala wopanda malamulo. Kompyuta ya mlamu isamazimitsidwe masana. Pulinta izikhala ndi mapepala nthawi zonse. Ndipo pa laputopu yanga ndinaiuza kuti ndikangodina batani losindikiza, isandifunse mafunso, izitumiza kwa apongozi basi.

Poyesa koyamba ndinalemba kuti "Mulungu adalitse nyumba ino," ndili chikhalire pampando wanga, n'kudina. Panapita kanthawi. Kenako ndinamva kutsidya kwa bwalo pulinta ikudzuka yokha, ndipo mawu a apongozi anatsatira: "Mayo ine!" Lichero linagwa. Mlamu anatulukira akuseka mpaka misozi, pepala lili m'manja.

"Alamu, amayi akuti muziyamba mwaodira musanatumize mizimu yanu m'nyumba mwawo."

Sabata imeneyo ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Mlamu ankaika makalata a anthu mu foda ija kuti ndimukonzere Chingerezi, ine n'kukonza ndili kwanga. Mkazi wanga anaikamo zithunzi za mwana wathu ndi nyimbo za kwaya. Kusukulu ndinkauza aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, kuti kwathu kuli netiweki. Ndinaganiziranso za mapepala owonongeka, amene inki yadontha kapena atuluka mokhota. Ndinati asamatayidwe, apongozi azikulungira zitumbuwa zimene ankagulitsa kudoko m'mawa uliwonse asodzi akamabwera kunyanja. Pakhomopo panakhazikika lamulo losavuta: pepala lililonse logwa pansi ndi la zitumbuwa. Nzeru imeneyinso inali yanga, ndipo ndinaiyamikira ndekha.

Koma mumtima ndinali ndi nkhani ina imene sindinaiike mu foda ya tonse. Ndinkafuna chitengwa, ndiko kuti kupempha eni mbumba andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana tikakhale kwathu. Mwayi unali utapezeka. Ahedi anandiuza kuti mphunzitsi wina wa ku Ntcheu akufuna kusinthana malo ndi wa kunyanja, ndipo yankho langa linkafunika teremu isanathe. Mwambo wake ngwakuti amalume anga abwere adzapemphe kwa amalume a mkazi wanga. Zonsezi mkazi wanga sindinamuuze. Ndinkaopa kuti akana, ndipo munthu wamantha ngati ine amaona kuti kusafunsa n'kwabwino kusiyana ndi kukanidwa. Ndinakonza zoti amalume angofika ngati maganizowo ndi a akuluakulu a kwathu, ine n'kumadabwa nawo limodzi.

Amalume anga samva bwino pafoni, ndipo nkhani yolemera amaifuna papepala. Lachitatu lina, pa nthawi yopuma, ndinakhala pakona m'chipinda cha aphunzitsi n'kuyamba kulemba kalata m'Chichewa. Ndime yoyamba inali yaulemu. Yachiwiri inayamba kutentha. Pofika yachitatu zala zinali zikuthamanga zokha, zaka zisanu ndi chimodzi zonse zikutuluka. Ndinalemba kuti usipa ndadya wokwanira moyo wonse. Ndinalemba za mbuzi ya apongozi imene inadya buku langa la masamu, palibe ndi mmodzi yemwe anapepesa. Ndinalemba kuti munthu wa dipuloma ndasanduka womanga mathandala. Apongoziwo ndinawatcha a Insipekitala, ati chifukwa amadziwa nthawi imene ndadzuka, imene ndasamba, ndi kuchuluka kwa shuga amene ndathira mu tiyi. Ndikulemba ndinkaseka ndekha, n'kumadziuza kuti ndikanakhala wolemba mabuku. Kumapeto ndinaonjeza ndime ina yokhudza mkazi wanga, yofotokoza chifukwa chimene sindinamuuzire.

Kalatayi sindikanaisindikiza kunyumba, ndine wopusa koma osati choncho. Ndinalumikiza laputopu ku pulinta ya kusukulu n'kudina batani. Palibe chinatuluka. Ndinadinanso. Zii. Ndinagwedeza chingwe, kutsegula chivindikiro, kuuzira mpweya m'kati, n'kudinanso. Ndinatukwana makina a boma pamaso pa anzanga, kuwauza kuti kwathu pulinta imamvera munthu ali kutali. Ndinadina kasanu ndi kawiri, belu n'kulira. Ndinatseka laputopu n'kunena kuti ndidzayesanso mawa.

Chimene ndinaiwala ndi lamulo langa lomwe lija. Laputopu inkatumiza kalatayo kwa apongozi, osati ku pulinta ya kusukulu. Poona kuti pulinta ya kwa apongozi ili kutali, inangosunga makalata onse asanu ndi awiri pamzere, kudikira mwaulemu kuti tifike kunyumba. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinafika kunyumba cha m'ma thuu koloko, n'kutsegula laputopu kuti ndikonze mafunso a mawa. Posakhalitsa ndinamva pulinta ikulira kutsidya kwa bwalo. Inalira nthawi yaitali ndithu. Ndikukumbuka bwino zimene ndinaganiza, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndinati mumtima, koma mlamu bizinesi ikumuyendera, ndipo zonsezi ndi chifukwa cha ine.

Mlamu kunalibe, anali atapita ku Monkey Bay kukagula inki. Mapepala anadzaza pa thireyi n'kuyamba kugwera pansi. Apongozi, amene sawerenga kanthu popanda magalasi ndiponso sawerenga za eni, anawatola bwinobwino, kuwang'amba panayi panayi monga mwa masiku onse, n'kuwaika m'beseni la zitumbuwa.

M'mawa mwake ndikupita kuntchito ndinakumana ndi msodzi wina wachikulire, nkhafi ili paphewa. Anandipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Pepanitu ndi za buku lija."

"Buku liti, achimwene?"

"La masamu. Mbuzi zilibe sukulu, muzikhululukire."

Anapitirira akugwedeza mapewa. Ndinadabwa pang'ono, koma nkhani ya mbuziyo inali yakale, ndinangoti mwina waimva kwa ena. Patsogolo pang'ono amayi awiri osenza madengu a utaka anandiona n'kugwirana manja. Mmodzi anafunsa mnzake mokweza ngati tiyi wake wathira shuga wokwanira. Koma mutu unali usanagwirebe.

Unagwira pa nthawi yopuma. Mphunzitsi mnzanga, mayi wophunzitsa Chichewa, anakhala moyang'anana nane n'kutulutsa chitumbuwa chimene anagula kudoko pobwera. Anatambasula kapepala kake patebulo, kusalaza ndi chala, n'kukakankhira kwa ine. Mafuta anali atakalowerera mpaka kumaonekera kuseri. Pakati pa mafutawo panali mawu anga, m'zilembo zimene ndinasankha ndekha chifukwa zinkaoneka zaulemu: "a Insipekitala amadziwa ngakhale nthawi imene."

"Chichewa chake n'chabwino," anatero mayiyo. "Ndikanapereka malikisi ambiri. Koma chiganizochi chathera panjira. Akuti mbali yotsalayo ili ndi a boti lobiriwira."

Ndinamva pambuyo pake mmene zinayendera kudoko. Msodzi woyamba anawerenga kachidutswa kake akutafuna, n'kufunsa mnzake ngati ali ndi kopitiriza. Posachedwa anthu anasiya kukangana za mitengo ya usipa n'kuyamba kuyala timapepala pa bwato lovundikira, kutsinjiza ndi timiyala kuopa mphepo ya mwera. Popeza makope anali asanu ndi awiri, chidutswa chikasowa apa chinkapezeka apo. Zitumbuwa zinatha msanga tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse, ena ankagula ziwiri pofuna kumva mathero. Apongozi anabwerera kunyumba akuthokoza Mulungu chifukwa cha malonda, mpaka mlamu anawakhazika pansi n'kuwauza chimene anagulitsa.

Ndinaganiza zothawa. Ndinaganiza zonena kuti ndi vairasi. Ndinafika poyeseza chiganizo chake panjira, koma ngakhale ine sindinachikhulupirire, poti palibe vairasi imene imadziwa za mbuzi ya apongozi. Nditafika kunyumba mkazi wanga anandiikira madzi osamba ndi chakudya monga mwa nthawi zonse, koma osatulutsa liwu. Ndinayesa kuyamba nkhani, iye anangonyamula mwana n'kutuluka. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa kuseka kwa mudzi wonse.

Loweruka masana amalume a mkazi wanga anatiitana pansi pa mtengo wa mango. Ndi bambo wamtali, mwini boti, wosafulumira poyankhula. Ine ndinapempha mphunzitsi mnzanga wachikulire kuti andiimire ngati nkhoswe, poti wa kwathu anali kutali. Apongozi anakhala pamphasa chapatali, atatipatsa mbali, nkhope kuyang'ana kukhola. Mkazi wanga anakhala pafupi nawo, maso pansi. Amalumewo anatulutsa jumbo, n'kuyamba kuyala zidutswa zamafuta pamphasa, chimodzichimodzi, ngati akuyanika nsomba.

"Akamwini, kalata iyi akuti ndi ya amalume anu. Kodi anailandira?"

"Ayi, sanailandire."

"Ndiye kuti m'dziko muno atsala iwo okha."

Anthu anafuna kuseka koma anadzigwira. Amalumewo anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, osadumpha liwu. Mawu amene ndinkaseka nawo ndekha pakona paja ankamveka ena m'kamwa mwa munthu wamkulu. Atafika pa dipuloma anaima n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinkafuna nthaka itang'ambika. Ndime yomaliza, ya mkazi wanga ija, sanaiwerenge. Anati chidutswa chake sichinapezeke, ndipo ine ndinapuma pang'ono.

Nkhoswe yanga inapepesa, inenso ndinagwada n'kupepesa. Kenako apongozi anayankhula, osati kwa ine, koma kwa mlongo wawoyo, maso ali kukhola komweko.

"Achimwene, auzeni bambo aphunzitsi kuti dzina andipatsalo ndalandira. Shuga ndinkawerengadi, chifukwa mwana wanga anandiuza kuti bambo awo aphunzitsiwa anamwalira ndi matenda a shuga. Za mbuzi, inalakwa, ndipo ndikanapepesa ndikanakhala ndi njira yowayankhulira. Tsono za chitengwa, auzeni kuti ife sitimana. Akhala nafe bwino, amanga, sanamenyepo mwana wanga. Amalume awo abwere, tidzawalandira. Mkazi ndi wawo."

Za shugazo zinandilasa, sindibisa. Koma ndinene zoona zonse, poti ndayamba kale kudzivula. Pansi pa manyaziwo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati mumtima, taonani, zatheka! Chimene ndinkachiopa zaka zonsezi chatheka popanda ngakhale amalume kukwera basi. Ndinayamba kuona nyumba yanga ku Ntcheu, mbatata kuseri, mphepo yozizira. Ndinafika poganiza kuti mwina netiweki ija inadziwa chimene ikuchita.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinapeza mkazi wanga kuseri kwa nyumba akusankha mpunga. Mwana anali kwa agogo ake. Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi, nkhope nditaikonza kuti ioneke yolapa, ngakhale m'thumba ndinali kale ndi fomu yosinthirana malo ndi mphunzitsi wa ku Ntcheu uja.

"Mayi a mwana, mwamva mmene anenera amayi. Njira yatseguka."

Anaika lichero pansi, kumasula mfundo ya pakona pa chitenje chake, n'kutulutsa kapepala kopindidwa kangapo. Kanali ndi mafuta ngati tina tija.

"Aka sikanasowe," anatero. "Mnzanga anakagula ndi chitumbuwa, n'kundipatsa pamjigo anthu asanakaone. Zinzake zisanu ndi chimodzi ndinayenda ndekha kudoko kuzitolera. Werengani."

"Ndikudziwa zimene zalembedwapo."

"Werengani, bambo a mwana. Mokweza, ngati mmene anachitira amalume."

Ndinawerenga. Ndinali nditalemba kuti mkazi wanga sindinamuuze chifukwa ndi mwana wa amayi ake, sangasiye mudzi wawo, ndipo chilichonse chimene ndingamuuze chimafika kukhitchini kwa apongozi tiyi asanapse. Ndinalembanso kuti akuluakulu akagwirizana, iye adzangotsatira.

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero, "ndi chinsinsi chanu chiti chimene munachimva kwa amayi? Za bambo anu ndinawauza kuti akusamaleni. China n'chiti?"

Ndinafufuza m'mutu, ndipo sindinapeze ngakhale chimodzi.

"Inu mukuganiza kuti fungo la usipa latopetsa inu nokha? Ine ndinabadwiramo. Chichokereni ku ukwati ndakhala ndikudikira tsiku limene mudzandifunse. Ulendo uja tinapita kwanu kumaliro, ndinayenda ndekha kukaona malo amene bambo anu anakusiyirani. Ndinasankha ndi pomanga khitchini pomwe. Ndinkangoti mwamuna wanga akakonzeka adzanena."

Ndinatsegula pakamwa, koma iye anakweza dzanja. Sanali kulira, ndipo zikanandipepukira akanalira.

"Tsono lero ndipite bwanji? Mudzi wonse wawerenga zimene munalemba za amayi anga. Avomera pamaso pa anthu chifukwa ndi munthu wamkulu, koma usiku wa dzana sanadye. Ndikakwera nanu galimoto panopa, ndiye kuti ndasainira pansi pa kalata yanu. Aliyense kudoko adzati mwana wawo yemwe anagwirizana nazo. Sindingawachite zimenezo. Mukafuna kupita, pitani, sindikuletsani. Ine nditsala."

Anatola lichero lake n'kupitiriza kusankha mpunga, timiyala akuponyera nkhuku. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, fomu ikundibaya m'thumba. Lolemba ndinakauza ahedi kuti mphunzitsi wa ku Ntcheu uja afune wina wosinthana naye. Papita zaka zinayi tsopano, ndipo ndikadali kuseri kwa nyumba ya apongozi.

Tsiku lomwelo la mpunga, ndisanadzuke pakampando paja, ndinamufunsa funso limene ndinayenera kuyamba nalo kalekale. Ndinati, ndikanakufunsani bwinobwino, ndi pakamwa, mukanati chiyani? Sanakweze n'komwe maso.

"Ndikanayamba kumanga katundu musanamalize kufunsa."